Mutu 6: Kusoka, Kusokera, Kusokerana: Chofunda cha Zigamba M'phunziro la Chichewa

Mphunzitsi, musanapitirire kuwerenga, pezani kansalu kalikonse kotha ntchito, kaya ndi kotsalira pa chitenje kaya ndi mkono wa malaya ong'ambika, ndipo mukaike pakati pa masamba a buku lino. Tidzakafuna kutsogoloku.

Mutu uno ukunena za anthu amene amasonkhana mwa kufuna kwawo, popanda malipiro, kusoka zofunda za zigamba kuti apatse anzawo amene akugona pozizira. Cholinga chathu si kukuphunzitsani utelala. Tikufuna muone kuti misintho ya aneni, imene ophunzira ambiri amangoiloweza ngati mndandanda wa mayeso, imamveka bwino ikaphunzitsidwa pa ntchito yotereyi, chifukwa ndi imene imasonyeza amene akupereka, amene akulandira, ndi amene wasiyidwa kunja kwa chiganizo. Pomaliza mutuwu muyenera kutha kuphunzitsa msintho womchitira ndi msintho wochitirana kuchokera pa ntchito yeniyeni ya manja, kutsogolera ophunzira kulemba malangizo a kapangidwe ka chinthu, ndiponso kuwathandiza kusankha mawu polankhula za munthu amene akulandira thandizo.

Bulawayo, Ogasiti 2003

Mu Ogasiti 2003 mzinda wa Bulawayo unalandira anthu masauzande ochokera m'mayiko ambiri pa msonkhano waukulu wa Mennonite World Conference, umene unachitikira pa bwalo la zionetsero la Zimbabwe International Trade Fair. Eni alendo anali a mpingo wa Brethren in Christ, umene unayamba ntchito yake ku Matopo, kummwera kwa mzindawu, m'chaka cha 1898. Chinali chaka chowawa m'Zimbabwe. Mafuta a galimoto ankasowa, ndalama za mapepala zinkasowa m'mabanki, ndipo kafukufuku wa nthawi imeneyo ankasonyeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi aliwonse anali ndi kachilombo ka HIV.

Pa msonkhanowo panali malo amene aliyense wofuna ankakhala pansi, kutenga singano ndi ulusi, n'kusoka chigamba chake pokumbukira anthu okhudzidwa ndi Edzi. Zigambazo anazilumikiza kukhala chofunda chimodzi chachikulu chimene anachitcha Koinonia, mawu a Chigiriki otanthauza chiyanjano, ndipo pambuyo pake chinayenda m'mayiko ena kukachititsa anthu kulankhula za matendawa. Maganizo osoka zigamba pokumbukira omwalira ndi Edzi anayambira ku San Francisco, ndipo chofunda chotero chinayalidwa koyamba mumzinda wa Washington mu Okutobala 1987 chili ndi zigawo 1,920, chigawo chilichonse chokula ngati manda a munthu mmodzi.

Chofunda cha Koinonia sichinasokedwe kuti munthu agonere. Koma anthu a mipingo yomweyi ali ndi mwambo wina wa tsiku ndi tsiku. Bungwe lawo lothandiza pa mavuto la Mennonite Central Committee, limene linakhazikitsidwa mu 1920 pa nthawi ya njala kummwera kwa Russia, limasonkhanitsa zofunda zosokedwa ndi magulu odzipereka ku Canada ndi ku United States n'kuzitumiza kwa othawa nkhondo ndi ena ogwa m'ngozi. Chofunda chawo chimakhala pafupifupi masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali, ndipo chili ndi nsalu zitatu zosanjikizana: ya pamwamba ya zigamba, ya m'kati yofunditsa, ndi ya pansi. M'malo mosoka paliponse, amangomanga mfundo za ulusi wokhuthala motalikirana pang'ono kuti nsalu zitatuzo zigwirane. Njira imeneyi ndi imene tibwereke, chifukwa mwana wa zaka 10 angathe kumanga mfundo.

Kufupi kuno, ku South Africa, kuli gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day. Linayamba kumapeto kwa 2013 pamene Zelda la Grange, amene anali mlembi wa a Mandela, anapempha Carolyn Steyn kuti apange mabulangete 67, kufanizira zaka zimene a Mandela anatumikira anthu. Mayi Steyn anaona kuti paokha sangathe, choncho anaitana anzawo pa Facebook, ndipo ntchitoyo inafalikira mpaka m'sukulu ndi m'ndende. Onani kuti awa saasoka, amaluka. Kusiyana kwa aneni awiriwa tikufuna posachedwa.

Mwina mukufunsa kuti mphunzitsi wa ku Mchinji kapena wa ku Katete ali nazo chiyani za ku Bulawayo. Mzindawu uli ndi olankhula Chichewa ambiri, zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale, ndipo malo ngati Sizinda, kumene kunali nyumba za ogwira ntchito ya njanji, akudziwikabe ndi mabanja otere. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Kale Bulawayo unali mzinda wa mafakitale a nsalu, kuphatikizapo ya National Blankets, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ambiri anafooka kapena kutsekedwa, ndipo zovala zakale zochokera kunja zinadzaza misika. Usiku wa Juni ndi Julaye umazizira kwambiri kumeneko, monga umachitira ku Dedza, ku Ulongwe ndi ku Lichinga. Mwana amene wagona pozizira mumamudziwa m'kalasi: phunziro loyamba limamupita akuwodzera.

Chinthuchi dzina lake n'chiyani?

Angerezi amachitcha quilt. Ife tilibe liwu limodzi logwirizanirana, ndipo musavutike kupeka. M'mutu uno tikuti chofunda cha zigamba. Ena amati bulangete la zigamba, ndipo achikulire ena angakuuzeni kuti gombeza. Kusowa kwa dzina limodzi ndi mwayi wa phunziro la mawu. Nsalu imene ku Malawi timati chitenje, ku Zambia ambiri amati chitenge, ku Mozambique amati capulana, ndipo ku Zimbabwe amangoti zambia. Zovala zakale za pamsika ndi kaunjika ku Lilongwe, salaula ku Lusaka, calamidade ku Tete, mabhero ku Harare, ndipo ku Bulawayo mudzamva kuti khothama, chifukwa wogula amawerama posankha. Dzina lililonse lili ndi nkhani yake: wina anaona mulu, wina anaona kusankha, wina anakumbukira thandizo la pa nthawi ya tsoka. Aphunzitsi a ku Zambia ndi ku Mozambique, pitirizani kulemba cigamba ndi cofunda monga mwa kalembedwe ka kwanu. Kusiyanako musakuchite cholakwa pochonga.

Ntchito 1. Tulutsani kansalu kanu kaja. Lembani mawu onse amene mungagwiritse ntchito pokafotokoza ndi pokasoka, monga msoko, mpindiro, mfundo, kuyeza, kupinda, kulumikiza. Kenaka funsani telala wa pafupi nanu kuti akuwonjezereni. Mudzapeza kuti iye ali ndi mawu amene m'buku la ophunzira mulibe.

Mneni mmodzi, anthu angapo

Lembani pa bolodi ziganizo ziwiri izi:

Amayi akusoka chofunda.
Amayi akusokera agogo chofunda.

Funsani ophunzira chimene chasintha. Ambiri adzanena msanga kuti mwalowa agogo. Afunseninso chimene chawatsegulira agogowo khomo. Apa ndi pamene adzaone kachidutswa ka -er- kamene kalowa m'mneni. Umenewu ndi msintho womchitira, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulowetsa munthu wina m'chiganizo chimene poyamba chinali cha wosoka ndi nsalu yake basi.

Lamulo la kasankhidwe ka -ir- ndi -er- musawauze, alipeze okha. Apatseni aneni a ntchito yomweyi: chapa, pinda, dula, luka, yeza, soka, lemba. Iwo adzati chapira, pindira, dulira, lukira, koma yezera, sokera, lembera. Akaika aneniwa m'magulu awiri adzaona kuti lembo la liwu la m'tsinde ndi limene likulamula: a, i ndi u amakoka -ir-, pamene e ndi o amakoka -er-. Chishona chimachita chimodzimodzi, pakuti kusona kumakhala kusonera ndipo kuruka kumakhala kurukira. Chindebele sichitero: ukuthunga kumakhala ukuthungela, ndipo -el- sasintha, kaya tsinde lili ndi lembo lanji. Choncho mphunzitsi wa ku Bulawayo asadabwe mwana amene amasewera m'Chindebele tsiku lonse akalemba kuti lukera. Mwanayo sanalakwe mwachisawawa, wangotenga lamulo la chiyankhulo china. Muonetseni malamulo awiriwo pambali ndi pambali, adzakonza yekha.

Tsopano yesani kutembenuza chiganizo chachiwiri chija kuti chikhale mu msintho wochitidwa. Agogo akusokeredwa chofunda: izi zikumveka bwino. Nanga chofunda chikusokeredwa agogo? Kwa olankhula ambiri chiganizochi n'chopunduka. Akatswiri a ziyankhulo, monga Sam Mchombo m'buku lake la The Syntax of Chichewa la 2004, anafotokoza kuti m'Chichewa munthu wochitiridwa ndiye amene amakhala pafupi ndi mneni, ndiye amene amatha kukhala mwininkhani m'chiganizo chochitidwa, ndiponso ndiye amene amaimiridwa m'kati mwa mneni, monga mu akuwasokera. Chinthu choperekedwacho chimatsalira m'mbuyo. Ine ndimakonda kuuza ophunzira kuti galamala yathu imalonjera munthu kaye isanayang'ane katundu, ngakhale ndikudziwa kuti akatswiri sangalembe choncho m'mayeso.

Musasiye ophunzira akuganiza kuti -ir- ndi -er- nthawi zonse amanena zokoma. Akusokera pakhonde la tchalitchi akunena malo. Makina osokera akunena chipangizo. Mukusokeranji usiku akufunsa chifukwa. Ndipo mwana wanding'ambira chitenje, kapena mbuzi yandidyera chimanga, zikunena munthu amene wachitiridwa choipa. Kachidutswa n'kamodzi komweko. Kamangosonyeza kuti ntchito ya wina yafika pa wina. Kaya yafika ngati mphatso kaya ngati chipongwe, izo zimadziwika ndi mawu ena onse ozungulira.

Msintho wochitirana umawonjezera -an-, ndipo umafuna kuti ochita akhale oposa mmodzi: kusokerana, kuthandizana, kubwerekana singano, kufunditsana. Lolani ophunzira aphwanye mawu ngati sok-er-an-a ndi fund-its-an-a kuti aone kuti tizidutswa timeneti timatsatana mwa dongosolo lake. Chofunika kwambiri n'chakuti aone kusiyana kwa tanthauzo. Mu kusokera, wina ali ndi singano ndipo wina akudikira. Mu kusokerana, aliyense wagwirako singano.

Cholakwa chimene ndinachita ndekha

Zaka zingapo zapitazo ndinkathandiza kalasi ya Loweruka pa mpingo wina kumadzulo kwa Bulawayo, kumene ana a mabanja ochokera ku Malawi ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chichewa. Amayi a pampingopo anali atasoka pamodzi ndi anawo zofunda zisanu zoti apatse okalamba chisanu chisanafike. Mtsikana wina wa zaka 12 anasankhidwa kuti alankhule pa tsiku lopereka. Mawu ake anandionetsa dzulo lake. Ndinakonza kalembedwe, ndinaika mipumiro, ndinamuyamikira kuti wagwiritsa bwino ntchito msintho womchitira, n'kumubwezera pepala.

Tsikulo anaimirira n'kuwerenga momveka bwino kuti: "Ife ana tasokera anthu osauka a m'dera lino zofunda izi kuti asafe ndi chisanu." Anthu anaomba m'manja. Pakati pa olandira panali agogo ake enieni a mtsikanayo. Analandira chofunda ndi manja awiri, anathokoza, ndipo atakhala pansi anamukodola mdzukulu wawo n'kumufunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi wanga, ndiye wosauka uja ndine?" Ndinali pafupi, ndinamva. Kenaka anafunyulula chofundacho n'kumuonetsa zigamba zinayi za chitenje chobiriwira. Chinali chitenje chawo. Iwo ndi amene anachipereka pamene amayi ankasonkhanitsa nsalu.

Mtsikanayo sanabwerenso ku kalasi kwa masabata atatu. Cholakwa sichinali chake. Galamala ya chiganizo chake inali yolondola kotheratu, ndipo ine ndinachonga galamala yokhayo. Mneni woona wa zimene zinachitika pampingopo anali kusokerana, pakuti wina anapereka nsalu, wina ulusi, wina manja, wina nkhani zoseketsa osoka. Ine, amene ndinaphunzira za chiyankhulo mpaka digiri yachiwiri, sindinafunse funso losavuta lakuti mawuwa adzamveka bwanji m'makutu mwa amene akutchulidwa.

Taonani mawu amene timatchulira olandira thandizo: osauka, ovutika, osowa, amasiye, ndipo m'zikalata za mabungwe ndi za boma mumapezanso ovutikitsitsa ndi opindula. Mawuwa ali ndi malo ake. Mlembi wa ndondomeko ya thandizo ayenera kunena momveka amene akuyenera kulandira. Koma onsewa amatcha munthu ndi chimene alibe, ndipo akanenedwa pamaso pa mwini wake amamuvula. Taonaninso chiganizo chimene malipoti amakonda: zofunda zinaperekedwa kwa ovutika. Msintho wochitidwa wachotsa osoka, ndipo dzina lomaliza lachotsa nkhope za olandira. Chatsala ndi katundu yekha.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Mwambiwu ena amaumva ngati malonda, koma ine ndimaumva ngati ukukana kugawa anthu m'magulu awiri osasinthika, opatsa ndi opatsidwa. Magulu a amayi a m'mipingo, monga Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Sinodi ya Nkhoma ndi Umanyano ku Sinodi ya Livingstonia, komanso magulu othandizana pa maliro amene anthu obwera ku Zimbabwe anakhazikitsa, amayenda pa mfundo imeneyi: amene wanyamula ufa lero kupita nawo kwa mnzake, mawa ndi amene adzalandire alendo onyamula ufa. Ophunzira anu mwambowu amaudziwa kuchokera kunyumba. Chimene sadziwa n'chakuti uli ndi msintho wake wa mneni.

Kumbukirani kuti m'kalasi mwanu muli ana amene akugona opanda chofunda. Mukamakambirana za olandira, mukukamba za ena amene akhala pa mabenchi omwewo.

Ntchito 2. Lembaninso mawu a mtsikana uja m'njira ziwiri: yoyamba yogwiritsa ntchito msintho womchitira koma yotchula olandira mwaulemu, monga agogo athu kapena makolo athu a m'dera lino, yachiwiri yogwiritsa ntchito msintho wochitirana. Werengani zonse ziwiri mokweza, mukudziyesa kuti ndinu agogo aja.

Kuchita ntchitoyi ndi kalasi yanu

Chofunda cha masentimita 160 ndi 200 chimafuna zigamba 80 za masentimita 20 mbali zonse, mizere 10 ya zigamba 8. Dulani chigamba chilichonse pa masentimita 22 kuti sentimita imodzi ya mbali iliyonse ilowe m'msoko. Ngati kalasi yanu ili ndi ophunzira 80 kapena kuposa, monga zilili m'sukulu zambiri za pulayimale, ndiye kuti kamodzi kokha kuchuluka kwawo kwakuthandizani: mwana aliyense chigamba chake. M'kati muikemo bulangete lakale lochapa bwino, ndipo pansi pake zitenje ziwiri zolumikiza. Musalamule kuti mwana aliyense abweretse nsalu kuchokera kwawo, chifukwa amene alibe adzaonekera poyera tsiku loyamba lomwe. Ikani katoni pakona kuti aliyense aponyemo mwakachetechete, ndipo pemphani zotsalira kwa atelala, amene nthawi zambiri amangozitaya. Singano muziwerenge potulutsa ndi pobweza.

Anyamata ena adzati kusoka ndi ntchito ya akazi. Musakangane nawo. Afunseni kuti amene amakhala pa makina pakhonde la sitolo pamsika wa kwanu ndi ndani.

Phunziro la kulemba malangizo lichitike ntchito ili m'kati, osati itatha. Gulu limodzi lisoke mzere woyamba, kenaka lilembere gulu lachiwiri malangizo a zimene lachita, ndipo gulu lachiwirilo litsatire zolembedwazo popanda kufunsa pakamwa. Malangizo akakhala osamveka, mzere umapindika, ndipo olemba amaona okha pamene mawu awo aperewera. Apa ndi pophunzitsira aneni olamula monga yezani, dulani, lumikizani, kusiyana kwake ndi kapemphedwe kofatsa monga muyeze, mudule, ndiponso mawu olumikiza ndondomeko monga poyamba, kenaka, mukatero, pomaliza. Pochonga, musayambe ndi kalembedwe ka mawu. Yambani ndi funso lakuti kodi munthu amene sanaone ntchitoyi angaichite ndi pepala ili lokha.

Za amene adzalandire chofundacho musasankhe nokha, ndipo musavoteretse ana potchula mayina a mabanja. Kambiranani ndi komiti ya sukulu, amfumu kapena atsogoleri a m'dera, ndipo wolandirayo afunsidwe kaye ngati akufuna mwambo wa pagulu kapena kungomubweretsera kunyumba. Ambiri amasankha kunyumba. Zithunzi musajambule popanda chilolezo chake. M'malo mwa malankhulidwe, ophunzira alembe kalata yaifupi yoperekeza chofundacho, yokhala ndi malonje oyenera msinkhu wa wolandira, yonena amene anasoka ndi kumene nsalu zinachokera. Kalatayo iwerengedwe kaye m'kalasi, wophunzira mmodzi atakhala pa mpando ngati wolandira, ndipo iyeyo anene mawu amene amubaya.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Konzani chikonzekero cha phunziro la mphindi 40 la msintho womchitira ndi msintho wochitirana, pogwiritsa ntchito aneni osachepera 8 ochokera pa ntchito yosoka kapena yoluka. Sonyezani kalasi imene mukuphunzitsa, dziko limene muli, ndi ziyankhulo zina zimene ophunzira anu amalankhula kunyumba, ndipo fotokozani vuto limodzi limene mukuyembekezera kuchokera ku ziyankhulo zimenezo. Phatikizanipo makalata awiri operekeza chofunda olembedwa ndi ophunzira anu, imodzi isanakonzedwe ndi ina itakonzedwa, mutafufuta mayina a ana ndi a olandira. Pansi pake lembani ndime imodzi yonena mawu amene anasinthidwa, ndi amene anaganiza zowasintha, inu kapena ophunzira.